Chipembedzo cha azungu? Kafunseni mafupa a ku Debre Libanos

Pali bodza lina limene lakhalitsa pakati pathu mpaka tayamba kuliyesa mbale wathu. Bodzalo likuti Chikhristu ndi katundu wa mzungu, chidabwera pa sitima pamodzi ndi mikanda, nsalu ndi mfuti, ndipo munthu wakuda akagwada m'tchalitchi ndiye kuti wangobwereka Mulungu wa eni ake. Chodabwitsa n'chakuti bodza limeneli likusenzedwa ndi magulu awiri osamwerana madzi. Gulu loyamba ndi la anzathu alakatuli, alembi a nthano ndi a zisudzo, amene mukawerenga ndakatulo zawo zitatu simulephera kupezamo mmishonale atanyamula Baibulo kumanja, unyolo kumanzere. Gulu lachiwiri ndi la abusa, ansembe ndi akulu a mpingo amene akamasimba mbiri ya Uthenga Wabwino mu Africa amayambira pa David Livingstone n'kuthera pa mzungu amene adawotcha njerwa za tchalitchi cha kwawo, ngati kuti iyeyo asanafike Africa yense adali chigonere. Awa akunyoza, awo akuyamika, koma onsewo agwirizana chimodzi, kuti mwini chipembedzo ndi mzungu.

Ine ndikukana, ndipo ndabwera ndi mboni. Mboni yanga ndi Debre Libanos, mudzi wa amonke umene uli m'dziko la Ethiopia, makilomita 100 ndi mphambu kumpoto kwa mzinda wa Addis Ababa, pafupi ndi tauni ya Fiche. Kwa amene mawu akuti amonke ndi achilendo, awa ndi amuna ndi akazi amene amasiya banja, munda ndi malonda n'kukakhala pamodzi pansi pa lamulo limodzi la kupemphera, kusala kudya ndi kugwira ntchito. Mudziwo udamangidwa pa kachidikha, kumbuyo thanthwe lalitali, kutsogolo phompho la mtsinje wa Jemma umene madzi ake amakathira mu Blue Nile. Adauyambitsa ndi munthu wakuda, mbadwa ya chigawo cha Shewa, dzina lake Tekle Haymanot, m'chaka cha 1284. Poyamba malowo ankatchedwa Debre Asbo, ndipo dzina la Debre Libanos idapereka ndi Mfumu Zara Yaqob m'chaka cha 1445.

Tsono tiyeni tiwerengetse ngati ana a sitandade 5. Livingstone adaona nyanja yathu m'chaka cha 1859. Chotsanipo 1284, mutsala ndi zaka 575. Ndiye kuti pamene ankafika pa gombe n'kumafunsa dzina la nyanja, amonke a ku Debre Libanos n'kuti atatha zaka 575 akudzuka pakati pa usiku kuyimba masalimo m'chiyankhulo chawo cha Ge'ez, kuwerenga mabuku a zikopa olembedwa ndi manja awo, m'zilembo zawozawo. Eni ake amasimba kuti Tekle Haymanot adakhala m'phanga la pamwamba pa mudziwo zaka 29 akupemphera chiimire, mpaka mwendo umodzi udathothoka, iye n'kupitiriza ndi wotsalawo zaka 7. N'chifukwa chake pa zithunzi amamujambula ndi mwendo umodzi ndi mapiko 6. Za mwendozo mukhulupirire kapena ayi, izo n'zanu. Koma phangalo lilipo, mudziwo ulipo, ndipo anthu akukwerabe phiri kukatunga madzi pa kasupe wake.

Ndipotu Tekle Haymanot sadali woyamba. Iye adaphunzira kwa amonke ena amene adalipo kale, pa chilumba cha nyanja ya Hayq kwa Iyasus Mo'a ndi ku Debre Damo, mudzi wa amonke wa m'zaka za m'ma 500, umene mpaka lero pokwera amagwira chingwe. Mfumu Ezana ya ku Aksum idalandira Chikhristu m'zaka za m'ma 300 n'kuika mtanda pa ndalama zake. Nanga Columba, amene a ku Scotland amamulemekeza kuti adawabweretsera Uthenga, adafika liti pa chilumba cha Iona? M'chaka cha 563, patapita zaka zoposa 200. Augustine adafika ku Canterbury kukalalikira Angerezi m'chaka cha 597. Ngakhale moyo weniweniwo wa chimonke udaphukira mu Africa, m'chipululu cha Egypt, ndi anthu ngati Anthony amene adamwalira m'chaka cha 356 ndi Pachomius amene adasonkhanitsa amonke pansi pa lamulo limodzi. Benedict wa ku Italy, amene Ulaya amamutcha tate wa amonke ake, adabadwa Anthony atagona m'manda zaka zoposa 100. Ndiye mwati wobwereka ndani pamenepa?

Ndikudziwa chimene ena mwakonzeka kundiyankha. Mukuti, bambo, Ethiopia ndi Ethiopia, kwathu kuno Chikhristu chidafikadi ndi azungu. Zoona zimenezo, sindikutsutsa. Magomero 1861, Cape Maclear 1875, Blantyre 1876, Mvera 1889, Nzama 1901. Zaka zimenezi tidaziloweza tili ndi mamina. Ngakhale apo pomwe timaiwala dala kuti amene adatsegula khomo kwa Angoni a M'mbelwa adali William Koyi, Mxhosa wochokera ku Lovedale. Koma funso langa ndi ili: kodi wamtengatenga ndiye mwini kalata? Chimanga kwawo ndi ku America ndipo chidafika kuno kudzera m'zombo za Apwitikizi, nanga bwanji sindidamvepo mlakatuli akutukwana nsima kuti ndi chakudya cha atsamunda? Madzulo amadya mitanda itatu, m'mawa n'kulemba kuti zonse zobwera pa sitima n'zaukapolo. Asa! Mzunguyo nayenso Uthenga adachita kulandira kuchokera ku Asia, ndipo ambiri a iwo adaulandira mochedwa kuposa abale athu a ku Aksum.

Anthu ena amati mpingo wa akuda sungaime pawokha pamaso pa mfumu, umangowomba m'manja basi. Pamene maepiskopi a Katolika adatulutsa kalata yawo ija pa 8 March, 1992, olamulira a nthawiyo adathamangira kunena kuti alemberedwa ndi azungu, mpaka wansembe wa ku Ireland amene ankayang'anira Mzuzu adapirikitsidwa m'dziko. M'mitu mwawo mudalibe malo oganiza kuti wansembe wakuda angadzudzule boma mwa iye yekha. Akadadziwa za Abba Filipos, mkulu wachitatu wa amonke a ku Debre Libanos, bwenzi atachita manyazi. Munthu ameneyu pamodzi ndi amonke anzake adadzudzula maso ndi maso Mfumu Amda Seyon, imene idalamulira kuyambira 1314 mpaka 1344, chifukwa cha ukwati wosayenera. Adakwapulidwa, adathamangitsidwa, koma sadabweze mawu. Zimenezi zidachitika zaka zoposa 600 kalata ya 1992 isanalembedwe, ndipo padalibe kazembe wa dziko lakunja wowanong'oneza.

Kwa zaka mazanamazana episkopi wamkulu wa Ethiopia, Abuna, ankatumizidwa kuchokera ku Egypt, kawirikawiri munthu wosadziwa chiyankhulo cha anthu ake. Amene ankayendetsa zinthu tsiku ndi tsiku adali Ichege, ndiye kuti mkulu wa amonke a ku Debre Libanos. Ndipo pamene mpingowo udapata Patriarch wakewake woyamba m'chaka cha 1959, munthuyo, Abune Basilios, adali mmonke wa ku Debre Libanos komweko. Nayo ng'oma imene kwathu kuno amishonale ambiri adaitsekera kunja kwa tchalitchi kwa zaka zambiri poyitcha ya ziwanda, kumeneko idalowa kalekale. Oyimba awo amaomba ng'oma yaikulu yotchedwa kebero, amagwedeza maseche achitsulo, amavina mwaulemu atagwira ndodo zotsamira, potsata mayimbidwe amene amati adawasiyira ndi Yared wa m'zaka za m'ma 500. Ife tidachita kudikira chilolezo cha misonkhano ya ku Ulaya kuti tiombe ng'oma pamaso pa Mulungu amene adalenga mtengo ndi chikopa chomwe.

Tsopano ndifike pa mafupa. Pa 3 October, 1935, asilikali a Benito Mussolini adalowa mu Ethiopia ndi ndege, akasinja ndi mpweya wa poizoni. Pa 5 May, 1936, adalanda Addis Ababa. Mu July chaka chomwecho adawombera poyera Abune Petros, episkopi amene adaphunzira ndi kuchita malumbiro ake ku Debre Libanos, chifukwa adakana kuuza anthu kuti agonjere Mataliyana. Pa 19 February, 1937, anyamata awiri, Abraham Deboch ndi Moges Asgedom, adaponya mabomba a m'manja kwa bwanamkubwa Rodolfo Graziani. Iye adavulala koma sadafe, ndipo kwa masiku atatu Mataliyana adapha anthu zikwizikwi mu mzindawo, kuwotcha nyumba eni ake ali momwemo. Mtima wa Graziani sudaphwe. Adaganiza kuti amonke a ku Debre Libanos adabisa anyamata aja, ndipo adatuma kazembe wake wa nkhondo Pietro Maletti kuti akathane nawo.

Taonani kuchenjera kwa njiru. Pa 20 May ndi limodzi la masiku aakulu a chikondwerero cha Tekle Haymanot, pamene anthu amachokera kutali kudzapemphera. Maletti adawalola kulowa, koma kutuluka ayi. Posafuna kuti asilikali akuda achikhristu a ku Eritrea achite chisoni ndi amonke, adasankha magulu a asilikali achisilamu, njira yakale ija ya atsamunda yogwiritsa ntchito mphawi kupha mphawi mnzake. Pa 21 May adakweza amonke m'malole, kupita nawo pa malo otchedwa Laga Wolde, n'kuwandandalitsa m'mphepete mwa chigwembe, chiwaya n'kuyamba kulira. Lipoti la Mataliyana eni ake lidati adapha amonke 297 ndi anthu wamba 23. Pa 26 May adaphanso madikoni achinyamata 129 ku Engecha, pafupi ndi Debre Berhan. Koma Ian Campbell ndi Degife Gabre-Tsadik, amene adayamba kufufuza nkhaniyi m'zaka za m'ma 1990 pofunsa okalamba amene adaona ndi maso, adapeza kuti ophedwa adali pafupifupi 2,000, kuphatikizapo alendo odzapemphera, ana a sukulu, olumala ndi odwala. Mabuku akale, mitanda ndi zovala za mtengo wapatali adazifunkha. Mafupa a ena mwa ophedwawo adasonkhanitsidwa ndipo akusungidwa pa mudziwo mpaka lero.

Inu alakatuli, ndiyankheni. Ngati Chikhristu ndi chida cha mtsamunda basi, n'chifukwa chiyani mtsamunda adatha mafuta a malole ndi zipolopolo kupha anthu opanda ngakhale mpeni, ongogwira mtanda ndi buku la masalimo? Galu wamkota sakandira pachabe. Graziani adadziwa kuti mtima wa dzikolo uli mu mpingo wake, ndipo pofuna kuthyola dziko adayamba wathyola amonke. Kodi si zomwezo zidachitika ku Mbombwe m'chaka cha 1915, pamene asilikali a boma la Angerezi adaphulitsa tchalitchi cha John Chilembwe? Mtsamunda amakonda Baibulo likakhala m'manja mwake. Likalowa m'manja mwa wakuda wowerenga yekha, amatumiza asilikali.

Nanunso akulu a mpingo musamwetulire msanga, pakuti mlandu wanu ndi wokulirapo. Amene adalamula kupha ku Laga Wolde adali anthu obatizidwa, ochokera m'dziko la matchalitchi osawerengeka. Maepiskopi angapo a ku Italy adadalitsa nkhondoyo, ena mpaka kupereka mphete ndi mitanda yawo ya golide kuti ithandize boma. Kadinala Ildefonso Schuster wa ku Milan, polalikira pa 28 October, 1935, adayamikira nkhondoyo ngati yotsegulira njira chikhulupiriro cha Katolika, m'dziko limene lidali lachikhristu kwa zaka 1,600! Graziani sadazengedwepo mlandu pa za Ethiopia. M'chaka cha 1950 khoti la kwawo lidamugamula zaka 19 chifukwa chogwirizana ndi Majeremani, adakhala m'ndende miyezi yowerengeka chabe, n'kudzafera pa bedi m'chaka cha 1955. M'chaka cha 2012 tauni ya Affile idamumangira chipilala ndi ndalama za misonkho. Mawu opepesa ochokera kwa mtsogoleri wa maepiskopi a ku Italy, Kadinala Gualtiero Bassetti, adadza m'chaka cha 2020, patatha zaka 83. Tsono inu amene mumatiphunzitsa mayina a ofera chikhulupiriro a ku Rome wakale, amene adadyedwa ndi mikango, mudatchulapo liti pa guwa anthu 2,000 awa? Kapena magazi a Mkhristu amawerengedwa pokhapokha womupha akakhala wachikunja?

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti nkhaniyi si ya kutali monga tikuganizira. Agogo athu a Keyala ochokera ku Nyasaland adamenyana ndi Mataliyana omwewo ku Moyale m'chaka cha 1940 ndi m'kati mwa Ethiopia m'chaka cha 1941, chaka chimene Mfumu Haile Selassie idabwerera pa mpando wake. Mfumu yomweyo ndiyo idamanga tchalitchi chachikulu chimene chili ku Debre Libanos lero, m'chaka cha 1961, ndipo patangopita zaka zinayi, mu 1965, idadzacheza kuno. Tsiku ndi tsiku timaponda msewu wa Haile Selassie mu Blantyre, timakajambulitsa pa Emperor's View pa phiri la Zomba, koma funsani aliyense pa msewuwo kuti mfumuyo inkapemphera mu mpingo wanji, muona akukanda mutu. Matendawa si athu tokha. Pafupi ndi Debre Libanos pali mlatho wa miyala umene alendo okaona malo amautcha mlatho wa Apwitikizi, chonsecho adaumangitsa ndi Ras Darge, mfumu ya komweko, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Chinthu chikangokhala cholimba ndi chokongola, basi timayamba kusakasaka mzungu woti tim'patse ulemu, monga adachitira ndi malinga a Great Zimbabwe.

Ndipo musaganize kuti ndikunena za mabwinja. Mudziwo adautentha asilikali a Imam Ahmad ibn Ibrahim kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1530, udadzukanso. Graziani adautseka mu 1937, udadzukanso. Boma la asilikali la Derg lidalanda minda ya mpingo mu 1975 n'kupha Patriarch Theophilos mu 1979, koma belu silidaleke kulira. Lero kuli amonke aamuna ndi aakazi, ena okhala pamodzi, ena odzipatula m'mapanga. Amasala nyama, mkaka ndi mazira Lachitatu ndi Lachisanu, masiku 55 Pasaka asanafike, ndi nyengo zina mpaka masiku osala kupitirira 200 pa chaka. Kuli sukulu za mpingo kumene anyamata amaloweza Ge'ez, mayimbidwe ndi ndakatulo zozama zotchedwa qene, zimene mlakatuli amapeka yatsopano pa chikondwerero chilichonse. Imvani bwino pamenepo inu alembi: ndakatulo m'tchalitchi, yopekedwa ndi wakuda m'chiyankhulo cha makolo ake. Pa 24 mwezi uliwonse wa kalendala yawo anthu amadzaza bwalo atafunda nsalu zoyera, nsapato atavula pakhomo. Odwala amagona panja kudikira madzi a pa kasupe, ndipo okalamba ena amapita komweko kukadikira imfa kuti akaikidwe pafupi ndi woyera wawo.

Sindikunena kuti kumeneko kuli angelo okhaokha, ayi. Mpingo umenewu udadya m'mbale imodzi ndi mafumu kwa nthawi yaitali, ndipo minda yake ankalima ndi alimi osauka opereka msonkho ndi thukuta, zinthu zonunkhira thangata. Nkhani ya madzi oyera nayo idapwetekapo anthu amene ankataya mankhwala a kuchipatala, mpaka m'chaka cha 2007 Patriarch Paulos adachita kuimirira n'kuuza odwala Edzi kuti azimwa madziwo pamodzi ndi ma ARV. Mu 2023 mpingowo udatsala pang'ono kung'ambika pa nkhani ya mitundu ndi ziyankhulo, ndipo mu 2024 amonke anayi a mudzi wina wa Ziquala adaphedwa ndi anthu a mfuti. Zolakwa zilipo, mabala alipo. Koma ndi zolakwa za eni nyumba, osati za alendi. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Tsono tayang'anani ife. Chaka ndi chaka timagulitsa ziweto, timatenga ngongole ku banki m'khonde, kuti tikaponde ku Israel, ku Rome, kapena kwa mneneri wina wa ku West Africa amene mpingo wake ndi wamng'ono msinkhu kuposa mwana wathu woyamba, n'kubwerako ndi kabotolo ka madzi kogula ndi madola. Ambiri mwa maulendo amenewa ndege timasinthira ku Addis Ababa komweko. Timakhala pa bwalo la ndege maola asanu tikuyasamula, osadziwa kuti kuseri kwa mapiri tikuwaonawo kuli mudzi umene wakhala ukupemphera zaka zoposa 740. Sindikuti nonse mukwere basi mawa, pakuti msewu wa kumpotowo udaonapo zauchifwamba zoba anthu m'chaka cha 2024. Chimene ndikudandaula ndi umbuli wodzifunira, umbuli wovala tayi, umene umadziwa mayina a akazi onse a Henry VIII koma osadziwa Tekle Haymanot.

Ndiye ndikupempha zinthu zitatu, ndipo palibe chofuna ndalama za mabungwe akunja. Choyamba, a unduna wa maphunziro ndi a sukulu zaubusa ku Zomba, ku Nkhoma, ku Kachebere ndi kwina konse, mbiri ya mpingo mu Africa iyambire ku Alexandria ndi ku Aksum, ipite ku Debre Libanos, kenaka ndiye ifike ku Magomero. Mwana adziwe kuti Livingstone adafika mochedwa pa mwambo umene udayamba kale. Chachiwiri, mipingo yathu yonse, ya Katolika poyamba, itchule ophedwa a ku Laga Wolde ndi Engecha pa Sabata loyandikira 21 May, monga timatchulira anyamata a ku Uganda pa 3 June. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Chachitatu, inu anzanga a cholembera, mmishonale wa unyolo uja mwamulemba mokwanira, watopa, mulekeni apume. Tilembereni sewero la Filipos ataima pamaso pa mfumu. Tilembereni za dikoni wa zaka 15 ali m'lole yopita ku Engecha, akudziwa kumene akupita.

Amene akuona kuti ndanama alembe, tsamba lino ndi la tonse ndipo akonzi sakaniza munthu. Koma pobwera asabwere ndi mkwiyo wokha. Ine ndaika 1284 pa tebulo. Nayenso abwere ndi chaka chake.